Tiyi wa m'Chigafa

Lululululu! Ndiyambe ndi nthungululu, chifukwa nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ikanatha ndi maliro a manyazi, ndipo wogona m'bokosi ndikanakhala ine. Ine mayi wa imvi, ine wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje kumene tiyi amamera ngati udzu, ndinagwetsa mlendo ndi kapu ya tiyi. Osati mlendo wamba, ayi. Asewere anga enieni, mayi wobereka mpongozi wanga. (Zolemba zangazi muzipirire. Cholembera ndinachigwira nditakula kale, kusukulu ya kwacha, ndiye chimayenda ngati ng'ombe yoyamba kumene goli. Koma pakamwa pokha, ayi, sipanandikanikepo.)

Kuno ku Kasungu tinabwera ngati matenanti, ine ndi bambo a Lufeyo, mphika pamutu, Lufeyo kumsana. Tinalima fodya wa eni ake mpaka misana inapindika. Kenaka Mulungu anatikumbukira, tinapeza kamunda kathu cha kufupi ndi Chamama, tinamanga nyumba yathu, tinamanganso chigafa chathu choumitsiramo fodya. Fodya watidyetsa, fodya watiphunzitsira ana, fodya watilowa m'zovala, m'mabulangete, m'tsitsi, mpaka m'mphuno. Za m'mphunozi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Lufeyo atakula anakatenga mkazi ku Nkhotakota, dzina lake Sakina. Tinakapempha chitengwa, makolo ake anavomera kuti mwana wawo adzakhale kwathu kuno. Mwana wabwino, mwana waulemu, mwana wogwira ntchito osadikira kutumidwa. Koma chete! Kuphika chete, kusesa chete, kudya chete. Ine munthu woti ndikasowa wocheza naye ndimacheza ndi nkhuku, ndinkamuponyera nthabwala zanga zonse, iye n'kungomwetulira pang'ono, maso pansi. Kuseka kwake sindinkakudziwa.

Mvula ili pakati, Sakina anatipatsa mphatso. Kamtsikana! Katsitsi bii, timasaya ngati mandasi a m'mawa, tizala togwira chala changa osafuna kusiya. Tinakatcha Takondwa. Ndinavina pabwalo, ndinavina pachitsime, ndinavina kuchigayo mpaka wogayitsa anandifunsa ngati ndalawa kachasu. Ndinati ayi mwana wanga, ndalawa ugogo, umenewo ndiye umaledzeretsa osatha.

Tsiku lina m'mawa, atatuluka m'chikuta, ndinamupangira Sakina tiyi wanga wa masiku onse: masamba, madzi, shuga. Analandira ndi manja awiri, anamwa kamodzi, basi misozi mbwembwembwe.

"Iwe mwana, chavuta n'chiyani? Shuga wachepa?"

"Ayi amayi, tiyi ali bwino. Ndangokumbukira wa amayi kwathu."

Ndinakhala pansi, ndinati tandiuza, tiyi wa amayi akoyo amakhala wotani. Abale, tsiku limenelo mwana analankhula! Anati amayi ake amaphika tiyi mumkaka, amaikamo jinja, amaikamo khungwa lonunkhira lija amati sinamoni, timisomali takuda tonunkhira, lemoni girasi, ndi timakoko ta mandimu. Anati fungo lake limakudzutsa lokha usanaitanidwe. Pofotokoza nkhope yake inawala. Atamaliza anabwerera kuchete kwake, ine ndinasunga mawuwo mumtima.

Sipanapite nthawi, Lufeyo anabwera kwa ine akukanda m'mutu.

"Amayi, apongozi anga aimba foni. Akubwera kudzaona mwana."

"Lululu! Abwere! Nanga nkhope yagweranji?"

"Akuti pobwerera atenge Sakina ndi mwana akapume kunyanja. Akuti kuno fodya wachuluka, fumbi lake si labwino kwa khanda. Akutinso mwana wawo akumveka wosungulumwa."

"Akapume mpaka liti?"

"Sananene."

Nthungululu yanga inathera pakhosi. Kupuma kosanena tsiku lobwerera ine ndimakudziwa. Kwa anzathuwa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo chitengwa n'chopempha, si chogula. Mwini wake akati ndipatseni wanga, ulibe pogwira. Ndinayang'ana Takondwa ali mtulo pamkeka, kamwa kali yasa, ndinati ayi, kameneka ndikakaona liti kakuyamba kukwawa? Mano oyamba akamere ine kulibe?

Apa m'pamene nzeru inandifikira. (Nzeru zina zikamabwera muziyamba mwazifunsa kumene zachokera.) Ndinati ndipanga tiyi uja. Asewere akafika amwe tiyi wa kwawo m'nyumba mwanga, aone kuti mwana wawo sakusowa kanthu kuno, ngakhale fungo la kwawo lilipo. Ndipo Sakina asadziwe, adzangodzidzimuka kapu ili m'manja.

Tsiku la msika ndinapita ku Chamama. Jinja ndinamupeza wamuwisi, mizu yonenepa. Sinamoni ndi timisomali tija ndinazipeza kwa mayi wina wogulitsa zokometsera ndiwo, zomanga m'timapepala. Mandimu tili nawo kuseri kwa nyumba, lemoni girasi ndinakazula kudimba kwa mnzanga wa kutchalitchi. Ndinabisa zonse m'dengu, pamwamba ndinaphimba ndi chigwada.

Tsono maganizo anga anali akuti tiyi ndi chinthu chouma. Kwathu ku Mulanje tsamba laliwisi silimwedwa, limayamba lapita kufakitale kukauma. Ndiye ndinati jinja aume, lemoni girasi aume, makoko aume, ndisinje zonse pamodzi, ndisakanize ndi masamba a tiyi, zikhale m'chitini ngati za m'sitolo. Ndinadula jinja tizidutswa topyapyala, ndinayala palichero, ndinaika padenga la khola.

Mvula.

Ndinalowetsa. Kadzuwa katuluka, ndinatulutsa. Mvula. Ndinalowetsa. Ndinatulutsa, nkhuku. Kenaka kunagwa mvumbi uja wosadziwa kutsanzika, m'mawa waa, masana waa, ndipo jinja wanga anayamba kuterera ngati akufuna kuchita nkhungu. Kukhitchini ndinakana, ndinati utsi ungandiwonongere fungo. (Mwamva? Ndinaopa utsi. Ine ndinaopa utsi!)

Nditaima pakhonde, manja m'chiuno, maso anga anagwera pachigafa. Eee! Nyumba yomangidwira kuumitsa masamba mvula ikugwa! Denga labwino, mphepo yolowa uku n'kutulukira uko, mthunzi wake woumitsa pang'onopang'ono osapsereza. Fodya wathu anali atadzaza mmenemo, wina wachikasu, wina atafiira kale. Ndinadziguguda pachifuwa, ndinati make Lufeyo, mutu umenewu anakupatsa ndani?

Ndinatenga singano yosokera fodya ndi ulusi wake. Dzanja lomwe lasoka fodya moyo wonse silifunsa njira. Kachidutswa ka jinja, tswii. Kakhoko ka ndimu, tswii. Lemoni girasi ndinamumanga timitolo. Ndinasoka mikanda yaitali, yokongola, ndinaipachika pamikangala, mitengo ija timapachikapo fodya, pakati penipeni pa masamba kuti Sakina asaione. Pansi pake ndinayala chiguduli kuti chogwa chisatayike.

Bambo a Lufeyo anandipeza ndili pamwamba pa mpando, ulusi kukamwa.

"Make Lufeyo, mwayamba kusoka ndiwo?"

"Si ndiwo, ndi tiyi. Musauze munthu."

"Tiyi m'chigafa? Mayi, fodya ndi mwamuna wansanje. Sagona nyumba imodzi ndi mnzake osamupaka fungo."

"Inu mudziwa chiyani za tiyi? Munabadwira kuchigwa, kolima nandolo. Wa kuphiri ndine."

Anangoti "chabwino, a kuphiri," n'kumapita. Ukwati wathu wakhalitsa chifukwa cha mawu amenewa, akuti chabwino.

Zinauma, abale, zinauma bwino! Jinja gwaa, makoko gwaa, lemoni girasi wophwanyika ukangomukhudza. Mphepo inali itagwetsera zambiri pachiguduli paja. Tsono apa mvetsetsani. Lemoni girasi akauma amafiirira. Khoko la ndimu likauma limafiirira. Fodya akauma, nanga amatani? Ndipo maso anga ndi a gogo. Ndinaona tizinyenyeswa tambirimbiri pachiguduli, tikulutikulu tooneka ngati fodya ndinatola n'kutaya, tating'onoto ndinati ndi madalitso, sindingataye. Ndinakhuthulira zonse mumtondo. Mkanda umodzi wa jinja ndinauiwala pamkangala, sindinauone.

Ndinasinjira kuseri kwa chigafa, Sakina atapita kusikelo ndi mwana. Munsi ukugwa, ine ndikuimba yanga yopeka pompo:

Sinja, sinja, make Lufeyo,
fungo likafike kunyanja,
akamva eni ake adzati,
mwana wathu ali kwawo.

Ndinasefa, ndinasakaniza ndi masamba a tiyi, ndinathira m'chitini. Ndinanunkhiza: jinja, sinamoni, ndimu, paradizo! Ndinaphika pang'ono kuti tilawe ndi bambo a Lufeyo. Anamwa, anatseka maso, anapukusa mutu mokhutira.

"Make Lufeyo, ndabweza mawu anga. Uyu ndiye tiyi. Akufika mpaka m'mawondo."

Mwaona mboni yanga? Munthu woti fodya amamulima, amamusoka, amamusankha, kenaka n'kumupichirira m'kapepala n'kumusuta. Ndi ine, woti ndikalowa m'chigafa sindimva kanthu, ndimangoti kuno kuli mpweya wabwino. Mphuno ziwiri zakufa zinakhala pansi, zinaweruza mlandu, zinati tiyi alibe chifukwa.

Tsiku la alendo ndinalawirira kwa NyaGondwe kukatenga mkaka. NyaGondwe ndi mnzanga, kwawo ndi cha ku Nkhamenya, Chichewa amalankhula koma akadabwa Chitumbuka chimatuluka chokha. Iwo fodya salima, ali ndi ng'ombe zawo za mkaka. Chitini ndinachitenga, nanga ndikanatha kupirira osadzitama? Ndinatsegula, ndinawayandikizira kumphuno.

Anabweza mutu. "Mama, ichi chikununkha hona!"

Hona ndiye fodya m'chilankhulo chawo, ndinamva bwinobwino. Ndinaseka.

"NyaGondwe, kuno n'chiyani chosanunkha fodya? Mukumva chitenje changachi. Mukumva manja angawa."

"Yayi mama, ine ndikumva m'chitinimo."

"Thirani mkaka, NyaGondwe, alendo ali m'njira."

Mulungu amatuma angelo ake, ena amabwera atanyamula ndowa ya mkaka. Ine ndinamubweza.

Asewere anafika dzuwa litakwera, pa njinga yamoto. Mayi wamtali, wowongoka, mpango woyera mbee, wonunkhira sopo. M'dengu mwawo munali mpunga ndi nsomba zouma. Tinalonjerana mwaulemu, tinawomba m'manja, tinafunsana za kunyanja ndi za kumunda. Anamunyamula Takondwa, anamuimbira, anamupsopsona pachipumi. Koma ndinaona maso awo akuyendayenda: pachigafa, pa fodya wolendewera, pa mwana wawo wowonda ndi kuyamwitsa. Ndinaona mphuno yawo ikukwinyika pang'ono. Mumtima ndinati dikirani asewere, dikirani, mphuno imeneyo isangalala posachedwa.

Takondwa analira, Sakina analowa naye m'nyumba kukamuyamwitsa. Ine thamangu kukhitchini. Mkaka pamoto, madzi pang'ono, shuga wosaumira. Za m'chitini ndinathira supuni yodzaza. Ndinati mlendo wachokera kutali, ndinawonjeza ina. Ndinati nkhani yake ndi ya mdzukulu, ndinawonjezanso ina. Tiyi anawira, anatuwa, anafiira, anakhala mtundu wa dothi la pachulu. Ndinasefera m'makapu anga a maluwa, osatuluka wamba: ya asewere, yanga, ndi ya Sakina ndinaiika pambali. Ndinagwada pamkeka, ndinapereka ndi chigumu.

"Asewere, timwe madzi otentha. Akuti kwanu mumamwa wotere."

Anayang'ana kapu, anandiyang'ana ine, nkhope inafewa. "Mwavutikiranji, asewere?"

Anamwa.

Anameza ngati munthu womeza piritsi lopanda madzi. Diso limodzi linatuluka msozi.

Ine kuona msoziwo ndinati basi, ndawakumbutsa kwawo!

"Ali bwanji tiyi, asewere?"

"Ali..." anatsokomola pang'ono. "Ali ndi mphamvu."

"Lululu! Ndinadziwa! Ndapanga ndekha, ndi manja angawa. Imwani, aliponso wambiri."

Ulemu, abale, ulemu udzatipha. Mayi uja akanakhala mnzanga wa pachitsime akanalavula n'kunditukwana, nkhani ikanathera pomwepo. Koma msewere sangalavule cha msewere mnzake, tsiku loyamba, pamkeka wa eni ake. Anamwanso. Analuma chigumu chachikulu kuti chiperekeze. Kapu isanafike n'pakati pomwe, ine ndinali nditadzazanso. (Yanga ndinali nditamaliza kale, ndikunyambita milomo.)

Ndinayamba kuwafotokozera za kwathu ku Mulanje, za minda ya tiyi yobiriwira mpaka kumapeto kwa maso. Ndili pakati pa nkhani ndinaona asewere akumasula mpango. Thukuta kamukamu pachipumi. Anagwira mkeka ndi manja onse awiri ngati ali m'bwato.

"Asewere," anatero ndi mawu aang'ono, "kodi mtengo wa mango uwo umayenda masiku onse?"

"Uti?"

"Uwo. Wadutsa kawiri."

Ndinawayang'anitsitsa. Milomo yotuwa, thukuta lozizira, maso ofuna pogwira, malovu odzaza m'kamwa. Nkhope imeneyi ndinaionapo. Ndinaiona pa atsikana ongofika kumene kuesiteti, tsiku loyamba kuthyola fodya wonyowa ndi mame. Ndinaiona pa ine mwini chaka chathu choyamba, nditagona m'mzere wa fodya dziko likuzungulira, kapitawo akuseka kuti wa ku Mulanje waledzera osamwa. Fodya akamalonjera mlendo amalonjera choncho.

Chiguduli. Tizinyenyeswa. NyaGondwe. Mwamuna wansanje.

Mayo ine!

Nthawi yomweyo Sakina anatuluka, mwana paphewa. Anaona kapu ya maluwa ikumudikira, anaona mtundu wa tiyi, nkhope yake inawala ngati tsiku lija. Anagwada, anainyamula, anaisendeza kukamwa. Mayi woyamwitsa! Mkaka wa Takondwa!

Sindinaganize. Dzanja linapita lokha. Phaa! Kapu inauluka, tiyi anamwazika pakhoma, kapu yanga ya maluwa inasweka pamwala.

Taganizani mmene zinaonekera. Mayi wabwera kudzaona ngati mwana wake akusungidwa bwino. Wapatsidwa chomuzunguza mutu. Ndipo ali chikhalire akuona msewere mnzake akumenya kapu m'manja mwa mwana wakeyo.

"Usamwe!" ndinakuwa. "Ndi fodya! Muli fodya!"

Pabwalo panati zii. Ngakhale nkhuku zinaima. Kenaka kuchokera m'chigafa kunamveka mawu a bambo a Lufeyo, odekha ngati akupempherera chakudya:

"A kuphiri."

Zotsatira zake ndinazichita ngati wogona. Tinawagwira asewere mbali ndi mbali, tinawaperekeza kuseri, tiyi wanga anabwerera njira yomwe anadzera. Tinawagoneka pamthunzi, tinawapatsa madzi, ndinawakupiza ndi lichero. Lufeyo anafuna kuitana njinga yopita kuchipatala, iwo anakweza dzanja kuti ayi, mtengo wayamba kuima. Mtundu utayamba kubwerera pankhope pawo, ine miyendo inandinyamula yokha. Ndinakalowa m'chigafa, ndinakhala pansi pakona, ndinafunda chitenje kumutu.

Ndinalira, abale. Si kapu ndinkalirira, si manyazi okha. Ndinkaona njinga yamoto ikunyamuka m'mawa, Sakina pakati, kamutu ka Takondwa kakugwedezeka kumsana, fumbi likutseka njira. Anati kuno fodya wachuluka, ine ndawathirira umboni m'kapu, ndi shuga yemwe.

Ndinamva mapazi. Sakina.

"Amayi."

Sindinavundukule.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Ndinasuzumira. Anali ataima pansi pa mkangala, m'manja mwake muli mkanda uja ndinauiwala. Tizidutswa ta jinja, kamodzikamodzi, tosokedwa bwinobwino, totalikirana mofanana ngati fodya wa giredi yoyamba.

"Ndi jinja," ndinatero m'chitenje.

"Mwasoka jinja?"

"Kunali mvula."

"Kamodzikamodzi?"

"Nanga akanauma bwanji? Unati umakumbukira tiyi wa amayi ako. Ndinati akamumwa kuno, mwina sakutenga."

Anakhala chete. Ndinati basi, chete uja wabwerera, ndipo ulendo uno ndi wa mpaka kalekale. Kenaka ndinamva kaphokoso, ngati ketulo ikamayamba kuwira. Mapewa ake ankagwedezeka. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, zinakanika. Kunaphulika kuseka! Kuseka kwakukulu, kwa m'mimba, kokhala ndi kamluzu kumapeto. Anagwira mzati wa chigafa, anatsetsereka mpaka pansi, anagwera pamiyendo panga, misozi ikutsika.

"Amayi inu! Amayi anga inu! Kusoka jinja!"

Ndiye kumeneku kunali kuseka kwa mpongozi wanga. Ndinakudikira nthawi yonse ija, ndi nthabwala zanga zabwinozabwino, osadziwa kuti kukufuna ndigwetse kaye amayi ake. Ndinayamba kuseka nanenso, chitenje chikadali kumutu, mamina ndi misozi pamodzi.

Anandikoka dzanja. "Tiyeni."

"Sindingawaonenso amayi ako. Undikwirire momwe muno."

"Tiyeni, amayi."

Asewere anali atadzuka, atatsamira khoma, Takondwa ali pamiyendo pawo. Sakina anagwada, anawapatsa mkanda uja, anafotokoza zonse, akuduladula ndi kuseka. Ine ndinagwada patali, maso pansi, ngati mwana woba shuga.

Asewere anautembenuza mkandawo, anayendetsa chala pa ulusi, kachidutswa ndi kachidutswa. Sanaseke.

"Asewere," anatero, "ine ndakhala ndikumwa tiyi kuyambira ndili mtsikana. Sanandigwetsepo."

"Pepani, asewere. Ndilibe pakamwa."

"Ndipo jinja sayanika. Mumangomusinja wamuwisi n'kuponya mumkaka."

Wamuwisi! Mvula yonse ija, nkhuku zonse zija, singano, mpando, chiguduli! Bambo a Lufeyo anatsokomola n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndinamva akufa ndi kuseka kumeneko.

"Sindibisa," anapitiriza asewere, "ndinabwera kudzatenga mwana wanga. Pafoni ndinkamva mawu ake ngati a munthu wokhala kuchilendo. Ndinati kumeneko alibe mayi." Anayang'ana Sakina. "Koma kuseka ndamva m'chigafamo, ndinakumva komaliza asanakwatiwe. Nanga iwe ukuti bwanji? Tipite?"

Sakina anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Amayi, ine sindingachoke. Ndikachoka, awa atha alendo onse a m'mudzi muno."

Apa ndiye asewere anaseka, atagwira mutu chifukwa unali usanakhazikike. Anati chabwino, koma mawu awo ndi awiri. Loyamba, khanda lisayandikire chigafa, ndipo posankha fodya lizikhala kutali ndi fumbi. Lachiwiri, fodya akagulitsidwa, Sakina ndi mwana apite kunyanja akaonedwe ndi abale, ndipo ine ndiwaperekeze ndekha, ndikabwere nawo ndekha.

"Kuti mukaone mmene tiyi amaphikidwira," anatero. "Koma chitini chanucho chitsale."

Ndinafuna kuimba nthungululu, anandigwira mkono. "Pang'onopang'ono, asewere. Mutu."

Ndinaimba ya chamumtima. Inatuluka ndithu pang'ono.

Anakhala nafe masiku angapo. M'mawa mwake anandiitana kukhitchini, anasinja jinja wamuwisi, anaphwanya kakhungwa ka sinamoni, timisomali tiwiri tokha, lemoni girasi wongothyola kumene anamupinda n'kumumanga mfundo. Anadikira mkaka uyambe kunjenjemera m'mbali, anaponyamo zonse, masamba a tiyi pomalizira. Fungo lake, abale! Ngakhale mphuno yanga yakufa inadzuka. Sakina anamwa atatseka maso, ndipo ulendo uno sanalire. Kenaka anathira kapu ina n'kupatsa amayi ake, inanso anapatsa ine, anati, "Amayi, iyi musaimenye."

Chitini chija ndinati nditaye kudzala, bambo a Lufeyo anati ayi, kutaya n'kulakwa. Anayamba kutsinako pang'ono n'kumasakaniza ndi fodya wawo wopichira. Lero madala a m'mudzi muno akumabwera madzulo kudzakhala pansi pa mango uja woyenda, utsi wawo ukununkhira sinamoni, ndipo akumandifunsa kuti mayi, chaka chino musokanso liti? NyaGondwe akandiona patali amagwira mphuno. Kutchalitchi amayi anzanga akamagawana ntchito za pamsonkhano amati make Lufeyo atunge madzi, za tiyi zisiyeni.

Phunziro? Lilipo. Mphuno yako ikakhalitsa pamalo, uzibwereka ya mnzako, ndipo mnzakoyo akanena, uzimva. Ndinaphunzira ndithu. Ngakhale, kunena zoona pakati pa ine ndi inu, tiyi wanga uja ankafika m'mawondo. Wa asewere amathera pachifuwa.

Pamene ndikulemba pano Takondwa ali kumsana kwanga, wayamba kukwawa, timano tiwiri tatuluka, ndipo tinatulukira m'nyumba muno ine ndikuona. Kunyanja tinapita, tinabwerako tonse atatu. Tiyi wa m'nyumba muno amapanga Sakina. Ine anandipatsa ntchito imodzi yokha, yoti sindingailakwitse: kuyang'anira mkaka pamoto kuti usasefukire. Ndiye ndinati poti mkaka umachedwa kuwira, ndikhale pakhonde pano ndilembeko pang'ono.

Mayo! Chikununkha n'chiyani?

Imvani, kukhitchiniko. Kuseka kuja kwayamba, ndi kamluzu kake kumapeto.